Mwana wa sukulu m'nyumba zathu za ku Angónia

M'mwezi wa Juni, pamene chisanu chimagona m'madambo a kuno ku Ulongwe ndipo madzi a m'ndowa amaluma zala, nyumba yokhala ndi ana a sukulu imadzuka nkhuku zisanatsike. Mayi amakoleza moto. Mtsikana wamkulu amasesa pabwalo ndi kutsuka mbale za dzulo, mnyamata amatsegulira mbuzi n'kukazimangirira kutchire, wamng'ono amalira chifukwa safuna kusamba. Pakapezeka phala kapena mbatata yotsala, amadya ali chiimire, maso ali kudzuwa. Ndipo asanatuluke, bambo amafunsa funso limene lamveka m'makomo a kuno kwa mibadwo inayi kapena isanu: "Nanga ng'ombe apita nazo ndani lero?"

Tidauzolowera m'mawa wotere kotero kuti timauyesa wachikhalire, chonsecho sukulu idalowa m'nyumba za ku Angónia zaka zongopitirira pang'ono zana limodzi zapitazo, ndipo m'makomo ambiri idafika mochedwa kuposa apo. Alipo pakati pathu amene ndiwo oyamba kugwira pensulo pa mtundu wawo wonse. Sukuluyo idabwera ngati mlendo wopempha zinthu ziwiri. Idapempha nthawi ya mwana, imene kale idali ya khola, ya munda ndi ya mtondo. Idapemphanso lilime lake, pakuti kwa zaka zambiri inkamlankhula m'chinenero chimene amayi ake sankachimva. Mbiri ya banja ndi sukulu kwathu kuno yagona pa zopempha ziwirizo, ndi pa mayankho amene makolo athu adapereka, nthawi zina mokondwa, nthawi zina mokakamizidwa.

Sukulu isanabwere, mwana sadali wosaphunzira ayi. Angoni a kwa Maseko, amene adakhazikika mozungulira phiri la Domwe cha m'ma 1870, adapeza Achewa ali ndi kaleredwe kawo, ndipo mitundu iwiriyi idakwatirana ndi kusakanikirana mpaka Angoniwo adasiya chinenero chawo natenga Chinyanja. Mwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi, ndipo atsibweni ake, eni mbumba, adali ndi mawu aakulu pa iye kuposa bambo womubereka, amene kawirikawiri adali mkamwini pamudzipo. Mwa Angoni, ng'ombe za malowolo zikaperekedwa, mwana ndi wa kuchimuna. Kusiyana kumeneku sikudafe. Mpaka lero, pakafunika ndalama ya yunifolomu, kapena pakabuka nkhani yoti mtsikana asiye sukulu, mabanja ena amayamba atsutsana kaye kuti mwini mwana ndani, ndipo pamene akutsutsanapo masabata amapita mwana ali pakhomo.

Pa chinthu chimodzi mitundu yonse iwiri idafanana: mwana akasinkhukirapo, usiku ankachoka m'nyumba ya makolo ake. Anyamata ankagona m'gowelo, m'mene wamkulu ankalamula wamng'ono, ndipo atsikana ankagona m'kuka mwa agogo awo aakazi. Margaret Read, amene adakhala pakati pa Angoni a ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1930, adalemba za nyumba ya anyamatayi ndi za kubusa, kumene mnyamata ankaphunzira kuzindikira ng'ombe iliyonse ndi maanga ake, kudziwa msipu wabwino, kupirira njala ndi kumvera wamkulu. Mtsikana ankaphunzira kusinja, kupeta, kusenza mtsuko osaugwira ndi kubereka khanda kumsana, ndipo akatha msinkhu anamkungwi ankamaliza zotsalazo. Madzulo kudali nthano ndi zilapi pamoto. Tisakometse zakale mopitirira, chifukwa kudalinso chikoti, kudali njala, ndipo mwana wofooka ankazunzika m'gowelo popanda womlankhulira. Koma chilichonse chimene mwana ankaphunzira masana, amayi ake ndi agogo ake ankatha kuchiyesa madzulo, popeza chidali m'chinenero chawo ndi m'ntchito ya manja awo. Mphunzitsi ndi kholo adali munthu mmodzi.

Mu 1891, chaka chimene mfumu Chikuse adamwalira, maufumu a Britain ndi Portugal adagwirizana za malire. M'dera lino malirewo adatsata msana wa mapiri umene umagawa madzi opita ku nyanja ya Nyasa ndi opita ku Zambezi, ndipo dziko la Angoni a kwa Maseko lidang'ambika pakati. Aliyense amene adayendapo pa msewu wochoka ku Dedza kupita ku Ntcheu adziwa kuti pa mtunda wautali msewuwo ndiwo malire. Ana a mimba imodzi adapezeka mbali ziwiri, ndipo patapita zaka adzukulu awo adayamba kuphunzira zinenero ziwiri za azungu, awa Chingerezi, awo Chipwitikizi, ngakhale pa maliro ndi pa ukwati ankadandaula ndi kuseka m'chinenero chimodzi.

Sukulu zoyamba zidabwera ndi amishoni. Ansembe a Chijezuwiti adatsegula Lifidzi chaka cha 1910 chisanafike, koma ufumu utagwa ku Portugal m'chaka chimenecho, boma latsopano lidathamangitsa Ajezuwiti, ndipo sadabwererenso ku Lifidzi mpaka 1941. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adatsegula Mphatso mu 1909, ndipo boma la Apwitikizi lidawatsekera ntchito mu 1922. Motero kwa zaka zambiri sukulu kuno idali ngati mvula ya mawawa, kugwa pano kudumpha apo. Mabanja okhala kufupi ndi malire ankaolotsa ana awo kukaphunzira ku Nyasaland, kumene kudali mishoni monga Mlanda ndi Bembeke, ndipo kumeneko makalasi oyamba adali m'Chinyanja.

Chimene chidasintha zinthu kwenikweni ndi pangano la 1940 pakati pa Portugal ndi Vatican, pamodzi ndi lamulo la amishoni la 1941. Malamulo amenewa adapereka maphunziro oyambirira a ana a anthu akuda m'manja mwa mishoni za Chikatolika. Ajezuwiti atabwerera ku Lifidzi adatsegulanso Fonte Boa mu 1945, ndipo sukulu zazing'ono za udzu zidafalikira m'midzi, mphunzitsi wake kawirikawiri ali katekisiti yemweyo. Koma lamulolo lidaikamo mfundo imodzi imene idalowa mpaka kukhitchini kwa amayi athu. Lidati maphunziro onse akhale m'Chipwitikizi, ndipo zinenero za eni dziko zidaloledwa pophunzitsa chipembedzo basi.

Tiyerekeze mwana wa nthawi imeneyo akufika pakhomo masana. Wabwera ndi mitolo iwiri. Mtolo woyamba ndi mapemphero, nyimbo ndi mayankho a katekisimu, zonse m'Chinyanja. Zimenezi amayi ake akuzimva, akutha kumufunsa, mwina kuziimba naye akusinja. Mtolo wachiwiri ndi zilembo, masamu, maina a mitsinje ndi mafumu a ku Portugal, zoloweza pamtima m'chinenero chimene ngakhale iye mwini sakuchimva bwino. Mtolo umenewu palibe wa pakhomo angaumasule. Apa ndi pamene padabadwira mawu amene timawamvabe m'makomo mwathu: "Za kusukuluzo n'za aphunzitsi, ine sindizidziwa." Mawuwa sadachokere ku ulesi wa makolo. Adachokera ku lamulo, ndipo adakhala nafe kwa nthawi yaitali lamulolo litatha.

Njira yake idalinso yopapatiza. Mwana wakuda ankayamba ndi zaka za maphunziro otchedwa rudimentar, amene pambuyo pake adatchedwa de adaptação, asanaloledwe kufika pamene mwana wa mzungu ankayambira. Ambiri ankabwereza makalasi chifukwa cha chinenero, ndipo pomaliza ankapezeka atapitirira zaka zololedwa kulowa sekondale. Eduardo Mondlane adalongosola bwino msampha umenewu m'buku lake lofalitsidwa mu 1969. M'sukulu zambiri za m'dziko muno ana ankalimanso minda ya sukulu, ndipo mbalamatodya sidali kutali ndi dzanja la mphunzitsi. Tsono bambo woona mwana wake akulima munda wa eni, n'kubwera ndi zikhatho zotupa ndi mawu khumi a Chipwitikizi, pamene ng'ombe zagona ndi njala, sadali wopusa pomuletsa kupitanso. Adawerengera phindu, ndipo kawirikawiri kuwerengera kwake kudali kolondola.

Komanso bamboyo nthawi zambiri kudalibe. Msonkho ndi chibalo zidatulutsa amuna ambiri a ku Angónia kupita ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia, kuminda ya fodya, kumigodi ndi kunyumba za azungu ku Salisbury. Ena ankabwera patapita zaka ziwiri ndi njinga ndi bulangete, ena adakhala matchona. Pakhomo pankatsala mayi, agogo ndi ana, ndipo dzanja la mwana wa zaka khumi lidali lofunika m'munda ngati la munthu wamkulu. Chodabwitsa n'chakuti ulendo womwewo, umene unkabweza ana ku sukulu, ndiwo udaonetsa mabanja phindu loyamba la zilembo. Kalata yochokera ku Salisbury inkalembedwa m'Chinyanja, ndipo mwana amene adaphunzira kuwerenga buku la mapemphero ankatha kuiwerenga. Achikulire athu amasimba momwe mayi ankaitanira mwana wake kuseri kwa nkhokwe kuti amuwerengere kalata, posafuna kuti zinsinsi za banja zidutse m'kamwa mwa kalaliki wa mfumu. Kamnyamata kotere kankadziwa za ngongole ndi za mitala kasanamere ndevu.

Atsikana ankatumizidwa mwa apo ndi apo. Ankati mtsikana akakwatiwa, zilembo adzazidyera kuti?

Ufulu udabwera pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa 100 alionse m'dziko muno asakudziwa kulemba ndi kuwerenga. Patangopita mwezi umodzi, pa 24 Julayi, boma la Samora Machel lidatenga sukulu zonse, za mishoni zomwe, kukhala za boma. M'zaka zochepa chiwerengero cha ana a m'sukulu za pulayimale chidawirikiza kawiri. Ana ankaphunzira pansi pa mitengo, aphunzitsi ena ali achinyamata amene iwo eni adangomaliza kalasi yachinayi, ndipo kuyambira 1978 akuluakulu nawonso adaitanidwa kukaphunzira zilembo. Kwa nthawi yoyamba mayi ndi mwana wake wamkazi adagwira kope chaka chimodzi. Tiyenera kuvomereza kuti chimenechi chidali chinthu chachikulu, ngakhale amene adawawidwa mtima ndi kulandidwa kwa mishoni. Koma pa nkhani ya lilime boma latsopano lidasunga Chipwitikizi monga chinenero chomanga dziko lonse, kuopa kuti zinenero zathu zingatigawe. Mbendera idasintha, nyimbo zidasintha, mbiri yophunzitsidwa idasintha, koma mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri wa ku Domwe ankalowabe m'kalasi tsiku loyamba osamva mawu ngakhale amodzi. Lamulo la maphunziro la 1983, limene lidakhazikitsa makalasi asanu ndi awiri a pulayimale, lidapeza nkhondo itayamba kale kudya sukuluzo.

Za nkhondo sitifuna kunena zambiri, popeza ambiri mwa owerenga adaiona ndi maso. Aphunzitsi ankasakidwa, ndipo kope m'thumba la mwana lidasanduka chinthu chobisa. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri, Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa kuno, ndi Bambo Sílvio Alves Moreira, adatengedwa usiku ku Chapotera naphedwa. Mu Novembala 1986 asilikali a Renamo adaukira Ulongwe weniweniyu. M'dziko lonse sukulu za pulayimale zoposa theka zidatsekedwa kapena kuwonongedwa, ndipo chigawo cha Tete chidali mwa zokanthidwa koposa. Midzi ya ku Angónia idatsala mabwinja, anthu ataolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu. Pofika 1992 Malawi idali kusunga anthu a ku Mozambique oposa miliyoni imodzi.

Malire aja a 1891 apa adagwira ntchito ina. Ambiri a ife sitidalowe m'misasa ya mipanda, koma tidamanga m'midzi ya abale ndi ya mafumu olankhula chinenero chathu, ena a ife tikuona mapiri a kwathu tili pakhomo. Moyo wa mwana udasinthiratu. Ng'ombe zidali zitapita, minda idali yochepa kapena kulibe, ndipo ntchito ya mwana idasanduka kufola pa mzere wa ufa ndi nyemba, kufuna nkhuni kutali ndi kugwira ganyu. Kudatsegulidwa sukulu za othawa nkhondo zophunzitsa m'Chipwitikizi motsata maphunziro a ku Mozambique, pamene ana ena adalowa m'sukulu za Malawi naphunzira Chichewa ndi Chingerezi. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tidabwerera mu 1993 ndi 1994 ndi ana a mitundu itatu m'nyumba imodzi: wina wodziwa Chipwitikizi, wina wowerenga Chichewa bwino koma woyenera kubwerera m'mbuyo makalasi, wina wosaponda m'kalasi n'komwe, amene zaka zake za sukulu zidathera pa njira. Ana amenewo ndiwo makolo a ana a sukulu a lero. Mphunzitsi akamadandaula kuti bambo uje sabwera ku msonkhano wa makolo, ndi bwino aziyamba wafunsa kuti bamboyo adali kuti pamene adali ndi zaka zisanu ndi zitatu.

M'zaka zomwezo za kubwerera, bungwe la boma loona za maphunziro la INDE lidayamba kuyesa chinthu chimene chidali chisanachitikepo m'sukulu za boma. Kuyambira 1993 mpaka 1997, m'ntchito yotchedwa PEBIMO, ana a sukulu zochepa adaphunzitsidwa makalasi oyamba m'chinenero chawo: Chichangana ku Gaza, Chinyanja kuno ku Tete. Oyendera ntchitoyo adapeza ana akulankhula m'kalasi, akufunsa ndi kuyankha, kusiyana ndi anzawo amene ankangobwereza mawu a mphunzitsi ngati mapiri obweza liwu. Kuyambira 2003 maphunziro a zinenero ziwiri adaloledwa m'sukulu za boma, mwana kuyamba ndi chinenero cha amayi ake, Chipwitikizi n'kumalowa pang'onopang'ono mpaka kutenga malo m'makalasi apamwamba. Si sukulu zonse zimene zili ndi makalasi otere, ndipo mabuku ake safika mokwanira chaka chilichonse. Makolo ena amawakana, amvekere: "Chinyanja amachidziwa kale, ndamutumiza kuti akaphunzire chinenero cha ntchito." Nkhawa yawo ndi yomveka, pakuti mayeso, ofesi ndi yunivesite, kuphatikizapo sukulu ya zaulimi ya UniZambeze imene ili pa Ulongwe pompano, zonse zimafuna Chipwitikizi. Koma ife tidaona ana ochuluka akufika kalasi yachisanu akutha kukopera za pabolodi mokongola, osatha kuwerenga zimene akopera. Mwana amaphunzira kamodzi kokha kuti zilembo zimalankhula, ndipo amachigwira msanga zikamalankhula mawu amene iye amawadziwa.

Chopempha china chija, cha nthawi, sichidathe, ngakhale malamulo apita patsogolo. Pofika 2005 ndalama zolembetsera ku pulayimale zidachotsedwa, ndipo mabuku a boma amagawidwa ulere. Ndondomeko ya maphunziro ya 2004 idasiya gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi ya m'kalasi kuti muziphunzitsidwa za m'dera, mwayi umene akuluakulu a m'midzi yathu saugwiritsa ntchito kwenikweni. Lamulo la 2018 lidati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo la 2019 lidaletsa kukwatitsa kapena kutomera mwana wosafika zaka 18. Zonsezi n'zolembedwa ku Maputo. Kalendala ya munda idalembedwa ndi mvula. Sukulu imatsegulidwa kumapeto kwa Januwale kapena kuchiyambi kwa Febuluwale, nthawi imene nkhokwe zapepuka, ndalama yathera ku feteleza, ndipo kope, yunifolomu ndi sopo zikupikisana ndi ndiwo. Mu Epulo ndi Meyi chimanga, nyemba ndi soya zimafuna manja onse, ndipo m'nyumba za alimi a fodya ana amasoka ndi kusankha masamba mpaka usiku. M'chilimwe kuli madimba a mbatata ya kachewere, kuthirira m'mawa ndi madzulo, ndiponso masiku a msika, pamene mnyamata wa zaka khumi ndi ziwiri amatha kupeza ndalama yooneka ponyamula matumba. Mayeso a kumapeto kwa chaka amagwa pamene mizere ikuungidwa ndipo mitambo yayamba kusonkhana.

Sitikunena kuti mwana asagwire khasu. M'dziko la ulimi ngati lino, mwana wosadziwa kuunga mzere tamulanda cholowa. Komanso sukulu zambiri zimagawa ana, ena m'mawa ena masana, kotero theka la tsiku limatsalira pakhomo. Vuto limayamba pamene tsiku limodzi lojomba lasanduka sabata, ndipo nthawi zonse wojombayo ali mwana yemweyemweyo: mnyamata wa ng'ombe, kapena mtsikana wamkulu amene amatsala ndi khanda amayi akapita kuchigayo, kumaliro kapena kuchipatala. M'nyumba zambiri palibe amene adakhala pansi n'kugamula kuti mwana uyu asiye sukulu. Zimangochitika pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina mwanayo achita manyazi kubwerera m'kalasi ya ana omuchepera, ndipo akulu amati adakana yekha. Mabanja ena a khola loyandikana amasinthana masiku obusa, kapena agogo aamuna amatenga ng'ombe m'mawa mpaka mdzukulu aweruke. Njira zimenezi si zatsopano, n'zomwe makolo ankachita pa dima.

Madzulo ndiwo asintha koposa. Gowelo likutha, ana ambiri akugona m'chipinda cha nyumba ya malata ya makolo awo. Pamalo pa koloboyi pabwera tochi ndi kanyale ka sola, ndipo foni ya bambo, ndi nyimbo ndi mafilimu ake, yalanda malo a nthano m'makomo ambiri. Komabe m'nyumba zimene mwana amaphunzira makalasi oyamba m'Chinyanja mukuchitika chinthu chimene lamulo la 1941 lidachitsekereza. Mwana wa kalasi yachiwiri amatsegula buku lake pamphasa nsima isanapse, nayamba kugunda mawu limodzilimodzi, chala chili pa mzere. Agogo ake, amene adaphunzira zilembo m'buku la mapemphero kapena m'sukulu ya ku Dedza pa nthawi ya nkhondo, amasendera pafupi. Poyamba amadabwa ndi kalembedwe, chifukwa mabuku a ku Mozambique amalemba "c" pamene a ku Malawi amalemba "ch", ndipo amakangana ndi mdzukulu wawo kuti wolakwa ndani. Kenaka mwanayo amatchula molakwa dzina la mtengo, agogo amamuwongolera, n'kumuuzanso kumene mtengowo umamera ndi matenda amene khungwa lake limachiza. Mayi ali kumoto amafunsa kuti nkhani ya m'bukuyo yatha bwanji. Bambo amalowa kuchokera kukhola, nasamba m'manja, namvetsera mpaka tsamba lithe, asanayambe kukambirana ndi agogo za amene atenge ng'ombe mawa.